Phazi la Aroma ndi Mita ya Mainjiniya

Miyezo yonse ya utali imene Aroma akale ankagwiritsa ntchito inkachokera pa muyezo umodzi wotchedwa pes, kutanthauza phazi. Msewu, njerwa, munda, paipi ya madzi ngakhale chipilala cha kachisi, zonsezi ankaziwerengera m'mapazi kapena m'magawo a phazi. Akatswiri a mbiri yakale masiku ano amagwirizana kuti phazi limeneli linali pafupifupi mamilimita 296. Munthu akagwira nambala imeneyi angathe kusintha muyezo uliwonse wa Chiroma kupita m'mamita, chifukwa ntchito yotsala ndi yongochulukitsa kapena kugawa. Komabe nambalayi ili ndi khalidwe lake losiyana ndi la nambala zimene injiniya anazolowera, ndipo pamenepa ndi pamene ambiri amaphonyera.

Mmene miyezo ya Aroma inkalumikizirana

Vitruvius, mmisiri wa zomangamanga amene analemba buku la De architectura m'nthawi ya mfumu Augustus, anafotokoza kuti miyezo inatengedwa pa ziwalo za thupi la munthu: chala, chikhatho, phazi ndi mkono. Phazi linkagawidwa m'njira ziwiri. Amisiri ankakonda kuligawa m'zala 16. Chala chimodzi, digitus, chinali mamilimita 18.5, ndipo zala zinayi zinkapanga chikhatho, palmus, cha mamilimita 74. Njira inayo inali yogawa phazi m'magawo 12 otchedwa uncia, lililonse la mamilimita pafupifupi 24.7. Kugawa pakhumi ndi kawiri kunali m'magazi mwa Aroma: ndalama, kulemera kwa katundu, ngakhale chuma chamasiye ankazigawa motero. Gawo lililonse linali ndi dzina lake. Theka ankati semis, magawo 8 mwa 12 ankati bes, magawo 9 ankati dodrans.

Kupitirira phazi kunali mkono, cubitus, umene unali phazi ndi theka kapena mamilimita 444. Sitepe imodzi, gradus, inali mapazi awiri ndi theka. Koma muyezo umene unkalamulira misewu unali passus, masitepe awiri, kuyambira pamene phazi lanyamuka kukafika pamene phazi lomwelo lapondanso. Passus inali mapazi 5, mamita 1.48. Passus 1,000 ndiye mailosi ya Chiroma, mille passus, ya mapazi 5,000 kapena mamita 1,480. Kwa Agiriki anabwerekako stadium, naiika pa mapazi 625, mamita 185, kuti mastadiya 8 akwane mailosi imodzi.

Oyeza minda anali ndi zawozawo. Ankanyamula ndodo ya mapazi 10, decempeda, yotalika mamita 2.96. Ndodo 12 zinkapanga actus, mapazi 120 kapena mamita 35.5, umene malinga ndi Pliny Wamkulu unali mtunda womwe ng'ombe zinkakoka pulawo zisanapume. Munda wa actus ziwiri m'litali ndi imodzi m'lifupi unkatchedwa iugerum. Pogawira asilikali opuma ndi anthu ena malo atsopano, boma linkadula dziko m'zigawo zofanana mbali zonse zinayi, mbali iliyonse actus 20, mamita 710. Mizere imeneyi ikuonekabe mpaka lero m'misewu ya kumidzi ndi m'ngalande za m'chigwa cha mtsinje wa Po ku Italy, ndiponso m'minda ya ku Tunisia.

Mbali ya masiku ano

Miyezo ya mainjiniya a lero siidalira thupi la munthu kapena ndodo yosungidwa penapake. Mita inakhazikitsidwa ku France m'zaka za m'ma 1790 ngati gawo limodzi mwa magawo 10 miliyoni a mtunda wochokera ku North Pole kukafika pa equator kudzera ku Paris. Mu 1889 inamangiriridwa pa ndodo yachitsulo cha platinum ndi iridium, ndipo kuyambira 1983 mita ndi mtunda umene kuwala kumayenda m'malo opanda mpweya pa gawo limodzi mwa magawo 299,792,458 a sekondi. Miyezo ya Chingerezi nayo inamangiriridwa ku mita mu 1959, pamene United States, Britain, Canada, Australia, New Zealand ndi South Africa anagwirizana kuti inchi ikhale mamilimita 25.4 ndendende. Motero futi ndi mamilimita 304.8, yadi ndi mamita 0.9144, ndipo mailosi ya Chingerezi ndi mamita 1,609.344. M'mafakitale ena amayezanso mu thou, gawo limodzi mwa 1,000 la inchi.

Nambala zimenezi si zongoyerekeza. Palibe amene anayeza inchi n'kupeza kuti yayandikira 25.4, anachita kugamula kuti ikhale choncho. Ndiye chifukwa chake injiniya akamasintha mainchesi kupita m'mamilimita sataya kanthu, ngakhale atalemba manambala khumi pambuyo pa kadontho.

Kumene 296 inachokera

Phazi la Aroma silinagamulidwe ndi aliyense m'mamilimita. Anthu anachita kulisakasaka. Olemba akale amatchula pes monetalis, phazi lovomerezeka limene dzina lake limalumikizidwa ndi kachisi wa Juno Moneta pa phiri la Capitoline ku Rome, koma muyezo woyambirirawo unasowa kalekale. Chimene chinatsala ndi umboni wa mitundumitundu. Pali timarula tamkuwa topindika pakati timene tinafukulidwa ku Pompeii ndi m'malo ena. Pali zithunzi za phazi zozokotedwa pa manda a amisiri, pambali pa zida zawo za ntchito. Pali nyumba zimene kukula kwake kunalembedwa, ndiponso miyala ya m'mbali mwa msewu yosonyeza mailosi.

Mmodzi mwa anthu oyamba kufufuza nkhaniyi mosamala anali John Greaves, katswiri wa zakuthambo wa ku England. Iye anapita ku Rome mu 1639 n'kukayeza phazi lozokotedwa pa chipilala cha manda cha Cossutius ndi linanso la pa manda a Statilius Aper. Loyambalo analipeza kuti ndi 0.967 ya futi ya Chingerezi, lachiwirilo 0.972, ndipo zotsatira zake anazisindikiza mu 1647. Mu miyezo ya lero amenewa ndi mamilimita pafupifupi 294.7 ndi 296.3. Miyala iwiri ya mumzinda umodzi inasiyana kale ndi milimita ndi theka. Umboni umene wapezeka pambuyo pake ukugwera m'malire omwewo, pakati pa 294 ndi 297 kapena kupitirirako pang'ono, ndipo 296 ndi nambala ya pakatikati imene ikugwirizana bwino ndi zambiri mwa zimene zayezedwa.

Kusiyanaku sikusonyeza kuti Aroma anali osasamala. Rula iliyonse inkakoperedwa pamanja kuchokera ku inzake, m'dziko lotambalala kuchokera ku Britain mpaka ku Syria, kwa zaka mazanamazana. N'zogometsa ndithu kuti kusiyana konseko kunangothera pa gawo limodzi mwa 100.

Kawerengedwe kake

Njira yodalirika ndi yosintha kaye chilichonse kukhala mapazi a Chiroma, kenako n'kuchulukitsa ndi 0.296 kuti chikhale m'mamita. Frontinus, amene anaikidwa kukhala woyang'anira madzi a mzinda wa Rome mu 97 AD, analemba kutalika kwa ngalande zobweretsa madzi mumzindawo. Aqua Appia, yomangidwa mu 312 BC, anaipatsa passus 11,190. Kuchulukitsa ndi 5 kumapereka mapazi 55,950, amene ndi makilomita 16.6. Aqua Marcia, imene ntchito yake inayamba mu 144 BC, anaipatsa passus 61,710 ndi theka, mapazi 308,552.5, ndiwo makilomita pafupifupi 91. Malamulo akale a pa Magome Khumi ndi Awiri, a cha m'ma 450 BC, ankafuna kuti msewu ukhale wa mapazi 8 m'lifupi pamene wawongoka ndi mapazi 16 pokhota: mamita 2.37 ndi 4.74.

Tizigawo timafuna kusamala pang'ono. Aroma analibe kadontho ka desimali kapena ziro, choncho ankalemba mapazi athunthu n'kuwonjezera dzina la gawo. Mapazi atatu ndi dodrans ndi mapazi 3.75, mamilimita 1,110. Njerwa zinkatchulidwa ndi kukula kwake komwe: bessalis inali magawo awiri mwa atatu a phazi, mamilimita 197, sesquipedalis inali phazi ndi theka, bipedalis inali mapazi awiri, mamilimita 592 mbali iliyonse. Njerwa zenizeni zofukulidwa zimaphonyako pang'ono chifukwa dothi limafota likamauma ndi kuwotchedwa.

Pobwerera, mamita amagawidwa ndi 0.296. Mita imodzi ndi mapazi 3.38, ndipo mmisiri wa Chiroma akanaitchula kuti mapazi atatu ndi zala 6, zimene zimakwana mamilimita 999. Kilomita ndi 0.676 ya mailosi ya Chiroma. Kwa amene akuyambira ku miyezo ya Chingerezi, phazi la Chiroma ndi mainchesi 11.65, ndipo futi imodzi ndi mapazi a Chiroma 1.03.

Kukula kwa malo ndi kuchuluka kwa zamkati kumafuna kuti nambala yosinthirayo igwiritsidwe ntchito kawiri kapena katatu pochulukitsa. Iugerum inali mapazi 240 kwa 120, mamita 71.04 kwa 35.52, amene ndi masikweya mita 2,523, kotala la hekitala kapena kupitirira pang'ono theka la ekala. Bokosi la phazi limodzi m'litali, m'lifupi ndi msinkhu limalowa malita pafupifupi 26, ndipo umenewu ndiwo unali muyezo wovomerezeka wa amphora, mtsuko wa vinyo ndi mafuta. Apa muyezo wa utali ndi wa zamadzimadzi zinali zomangirirana, monga mmene lita imamangiririkira ku mita.

Funso lofunika kwambiri ndi lakuti yankho lilembedwe mpaka pati. Makina owerengera angapereke mamita 91,331.54 pa Aqua Marcia, ndipo nambalayi imaoneka yaulemu. Koma pa ngalande ya mapazi oposa 308,000, kusintha phazi ndi milimita imodzi yokha kumasuntha yankho ndi mamita oposa 300. Phazi likakhala 294, ngalandeyo ndi makilomita 90.7, likakhala 297, ndi 91.6. Kulemba masentimita pamenepa ndi kunamiza wowerenga, ngakhale masamu ake ali olondola. Manambala atatu oyambirira ndiwo malire a zimene umboni ungapirire, ndipo nthawi zambiri awiri amakwanira.

Mayina ofanana, miyezo yosiyana

Cholakwa chofala kwambiri chimabadwa pa mayina. Inchi ndi mailosi za Chingerezi zinatenga mayina awo ku uncia ndi mille, koma kutalika kwake kunasintha m'njira. Mailosi ya Chingerezi inaikidwa pa mafiti 5,280 ndi lamulo la mu 1593, m'nthawi ya Mfumukazi Elizabeth I, ndipo imaposa ya Chiroma ndi mamita 129. Linga limene mfumu Hadrian analamula kuti limangidwe kumpoto kwa England kuyambira 122 AD, kuchokera ku Wallsend kukafika ku Bowness-on-Solway, limawerengedwa kuti ndi mailosi 80 a Chiroma, makilomita pafupifupi 118. Wowerenga amene angatenge 80 ameneyu ngati mailosi a Chingerezi adzapeza makilomita 129, n'kulitalikitsa lingalo ndi makilomita khumi amene kulibe. N'chimodzimodzi ndi futi imene amisiri a ku Malawi ndi Zambia amagulira malata ndi matabwa: ndi ya Chingerezi, yotalika ndi mamilimita pafupifupi 9 kuposa phazi la Aroma. Pa lata limodzi kusiyanako n'kochepa, koma pa mapazi 100 kumafika masentimita 88.

Ngakhale mkati mwa ufumu wa Roma phazi silinali limodzi. Hyginus, wolemba za kayezedwe ka minda, anachenjeza kuti pakati pa anthu a mtundu wa Tungri, cha ku Germania, ankagwiritsa ntchito pes Drusianus, phazi la zala 18 m'malo mwa 16, mamilimita pafupifupi 333. Munda wa mapazi 100 kumeneko unali mamita 33.3, osati 29.6. Ku Gaul, miyala yambiri ya m'misewu ya m'zaka za pambuyo inkawerenga mtunda mu leuga, mailosi imodzi ndi theka, makilomita 2.22. Nyumba zakale kwambiri za ku Pompeii zinamangidwa ndi phazi la Chiosika la mamilimita pafupifupi 275, mzindawo usanalowe kwathunthu m'manja mwa Aroma. Pa msika wa ku Leptis Magna, m'dziko la Libya la lero, panali mwala wozokotedwapo miyezo itatu pamodzi: mkono wa Chipuniki, phazi la Chiroma ndi mkono wa ku Alexandria. Ogula ndi ogulitsa a kumeneko anali kale ndi vuto la kusintha miyezo, ndipo mwalawo unali tebulo lawo losinthira.

Stadium ndiyo yovuta koposa, chifukwa mizinda ya Agiriki inali ndi mapazi osiyanasiyana. Bwalo la mpikisano la ku Olympia ndi lotalika mamita pafupifupi 192, pamene stadium ya Aroma ndi 185. Owerenga Chipangano Chatsopano amakumana ndi muyezo umenewu. Yohane amaika Betaniya pa mastadiya 15 kuchokera ku Yerusalemu, ndipo Luka amaika Emau pa mastadiya 60. Powerengera mamita 185, amenewa ndi makilomita 2.8 ndi 11. Mtunda umene ukutchulidwa pa Mateyu 5:41, wonena za munthu wokakamizidwa kuperekeza mnzake, ndi mailosi ya Chiroma yeniyeniyo.

Zosafunika kusintha ndi zosatheka kusintha

Pali nambala zina za Aroma zimene injiniya angazitenge monga zilili. Kutsetsereka kwa ngalande ndi chitsanzo chabwino, pakuti ndi kuyerekeza utali ndi utali unzake, ndipo kukula kwa phazi kumadzifafaniza kokha. Pliny analemba kuti ngalande itsike ndi sicilicus imodzi, kotala la uncia, pa mapazi 100 alionse, ndipo isachepere pamenepo. Sicilicus ndi gawo limodzi mwa 48 la phazi, choncho kutsetserekako ndi 1 pa 4,800, kaya phazi likhale 294 kaya 333. Amenewa ndi masentimita pafupifupi 21 pa kilomita. Ngalande yopita ku Nîmes kumwera kwa France, imene imawoloka mtsinje pa mlatho wa Pont du Gard, ndi ya makilomita pafupifupi 50 ndipo imatsika ndi mamita 12.6 okha kuchokera ku kasupe wa pafupi ndi Uzès. Pa avareji ndi 1 pa 4,000, phazi limodzi ndi kotala pa mailosi yonse ya Chiroma. Amisiri anakwanitsa zimenezi ndi zida monga chorobates, thabwa la mapazi 20 lokhala ndi miyendo, zingwe zolendewera ndi kangalande ka madzi pamwamba koonera ngati silinapendekeke. Aliyense amene anayesapo kuyendetsa madzi pa malo ooneka athyathyathya angamvetse kukula kwa luso limeneli.

Nambala zina zimaoneka zosavuta koma zimakana kusinthika. Frontinus ankawerenga madzi mu quinaria, paipi ya mtovu imene m'mimba mwake munali chala chimodzi ndi kotala. Kusintha kukula kwa paipiyo n'kophweka: mamilimita 23, ndipo bowo lake ndi masikweya sentimita 4.2. Koma funso lakuti quinaria imodzi ndi malita angati pa sekondi lilibe yankho limodzi, chifukwa madzi odutsa pa bowo amadalira liwiro lawo, ndipo Aroma analibe njira yoyezera liwirolo m'manambala. Frontinus ankazindikira kuti madzi othamanga amapereka ochuluka, koma m'kaundula wake analemba kukula kwa mabowo. N'chifukwa chake mabuku amasiyana kwambiri akamanena kuchuluka kwa madzi amene ankalowa mu Rome tsiku lililonse.

Liwiro la asilikali lili ndi vuto lofananalo. Vegetius analemba kuti msilikali aziyenda mailosi 20 pa maola asanu a m'chilimwe. Mtundawo ndi makilomita 29.6, koma ola la Aroma linali gawo limodzi mwa 12 la usana, ndipo pakati pa chilimwe ku Rome linkafika mphindi pafupifupi 75. Wogawa 29.6 ndi maola asanu a pa wotchi amawathamangitsa asilikaliwo kuposa mmene ankayendera.

Kubwerera ku mapazi

Phindu lalikulu la kusintha miyezo limaoneka pamene masamu ayenda chobwerera, kuchoka ku mamita kupita ku mapazi. Wofukula zakale akayeza chipinda ndi tepi n'kupeza, mwachitsanzo, mamita 5.93 kwa 8.87, nambalazo sizinena kanthu. Akazigawa ndi 0.296 zimatuluka 20.03 ndi 29.97, ndipo maganizo a womanga amaonekera poyera: ankafuna chipinda cha mapazi 20 kwa 30. Chipilala cha Marcus Aurelius ku Rome ndi chotalika mamita pafupifupi 29.6, osawerengera tsinde lake, ndipo Aroma eniake ankachitchula kuti centenaria, cha mapazi 100. Linga la Hadrian linayambidwa ndi mapazi 10 m'lifupi, kenako omanga analichepetsa, ndipo malo amene pulani inasinthira amaonekabe pa maziko otambalala kuposa khoma lokhalapo.

Kachisi wa Pantheon, amene anamalizidwa m'nthawi ya Hadrian, akusonyeza kutalika kwa njira imene kawerengedwe kotere kangafike. Zipilala za pakhonde pake ndi miyala ya granite yosemedwa yathunthu ku Egypt, iliyonse mamita pafupifupi 11.8, amene ndi mapazi 40. Akatswiri ena, kuphatikizapo Mark Wilson Jones, atayerekeza khondelo ndi khoma la kumbuyo kwake anapereka ganizo lakuti pulani yoyamba inali ya zipilala za mapazi 50, koma zitalephera kupezeka omanga anagwiritsa ntchito za 40. Si onse amene amavomereza, koma ganizoli silikanabadwa n'komwe pa nambala ya 11.8, linaoneka chifukwa miyala yotere inkadulidwa m'misinkhu yozolowereka ya mapazi.

Njirayi ili ndi ngozi yake. Wofufuza amene ali ndi ufulu wosankha pakati pa phazi la 275, la 296 ndi la 333, komanso pakati pa zala 16 ndi uncia 12, angathe kukakamiza pafupifupi khoma lililonse kuti litulutse nambala yathunthu. Umboni umakhala wamphamvu pokhapokha phazi limodzi likamasulira miyezo yambiri ya nyumba imodzi, m'litali, m'lifupi, makulidwe a khoma ndi mipata ya zipilala, popanda kulisinthasintha. Mofananamo, nkhani yofala yakuti mpata wa njanji za sitima wa mamilimita 1,435 unachokera ku magaleta a Aroma siipirira masamu: mpatawo ndi mapazi a Chiroma 4.85, nambala yosagwirizana ndi muyezo wawo uliwonse, ndipo mbiri yake yodziwika imayambira pa tinjanji ta m'migodi ya malasha kumpoto kwa England, kumene George Stephenson anautengera.

Ndiye chifukwa chake malipoti abwino a ofukula zakale ndi a mainjiniya okonza nyumba zakale amalemba zinthu zitatu pamodzi: muyezo wa m'mamita monga unayezedwera pamalopo, nambala ya mapazi a Chiroma imene ikuganiziridwa, ndi kukula kwa phazi limene lagwiritsidwa ntchito powerengera. Lipoti lopanda chachitatuchi silingatsimikizidwe ndi wina aliyense.